Masewero Atatu Otsala a Ljerka

Lolemba, 7 Epulo

Andigoneka ku chipinda cha odwala mtima, bedi lapakati. Thupi latentha kufika pa 38.7. Magazi atenga katatu, mikono yonse iwiri, akuti aone ngati muli tizilombo.

Dokotala wake ndi Nevenka Radočaj. Ndinamuphunzitsa ku sekondale. Ankakhala kutsogolo ndipo ankadana ndi ndakatulo. Lero wofunsa mafunso anali iye. Kutenthaku kunayamba liti? Ndinati patha sabata zitatu, chizulireni dzino. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Nanga masiku onsewa munali kuti, aphunzitsi?" Ndinati ndimayesa ndi chisoni chabe. Mkazi wanga Ljerka anamwalira pa 19 Febuluwale, ndipo kuchokera tsikulo sindinadzukepo ndili bwino, ndiye matenda ndi maliro sindinkazisiyanitsa.

Chikwama anandilongedzera ndi alamu anga a Blaženka, akulu ake a Ljerka. Ndinawapempha mabuku asanu. Abweretsa limodzi lokha, kope ili, ndi laputopu ya Ljerka. Akuti mabuku ndi olemera.

Lachiwiri, 8 Epulo

Andilowetsa kapaipi kukhosi kuti aunike mtima. Tizilombo tamanga pa kachitseko kamodzi ka mtima, kachotupa ka mamilimita asanu ndi limodzi. Mankhwala: penisilini wa m'diripi, maola anayi alionse, kwa sabata zinayi. Opaleshoni mwina siifunika. Kukhosi kukuwawa, ndamwa tiyi yekha.

Tilimo atatu. Kuzenera kuli a Bartol, a zaka 74, ankayendetsa basi ya ku Đakovo. Mtima wawo ndi wofooka, miyendo yatupa, madzi amawayezera lita imodzi patsiku ndipo amawamwa ngati vinyo wa pa ukwati, pang'onopang'ono, atatsinzina. Kukhomo kuli Tihomir, wa zaka 46, wokonza magetsi. Mtima unamugwira ali pa makwerero, tsopano akudikira malo a opaleshoni ku Zagreb. Awiriwa amakangana kuyambira pa tiyi wam'mawa mpaka pa mankhwala a madzulo, ndipo nkhani yake ndi mpira basi.

Lachinayi, 10 Epulo

37.9. Nambala ya kutupa m'magazi: 112. Buku lija ndalimaliza, ndaliyambanso.

Msuzi wa lero unali ndi karoti mmodzi. A Bartol akuti akumudziwa, anakumana naye dzulo.

Loweruka, 12 Epulo

37.4. Singano aisamutsira kumanja. Ndayenda mpaka kubafa osagwira khoma.

Masana ndinatsegula laputopu, ndimafuna zithunzi. Chotsegukacho chinali masewero ake aja, amene munthu samenya mpira yekha koma amakhala mphunzitsi wa timu: amagula osewera, amawayala pabwalo, kenako n'kumaonerera timadontho tikuthamanga. Ljerka anasewera zimenezi zaka zisanu ndi chimodzi, patebulo la kukhitchini, ine ndikuwerenga pampando. Sindinayang'anepo bwinobwino.

Pamwamba panali dzina lake: Ljerka Vidošić, mphunzitsi wa Skelar. Ndinafuna kutseka, koma Tihomir anali ataona kale.

"Aphunzitsi, mumasewera? Tandionetsani!" Anakoka mtengo wake wa diripi n'kudzakhala pabedi langa osapempha. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako analiza likhweru. "Skelar? Kamene kamasewera pabwalo la ng'ombe kaja? Mwakakweza mpaka ligi yaikulu?"

Ndinati si ine, ndi malemu mkazi wanga. Anachotsa dzanja pa batani msangamsanga.

Wandifotokozera. M'masewerowo papita zaka 19 chitengereni Ljerka timuyo kuchokera pansi penipeni. Chaka chino zamuvuta. Pa matimu khumi, Skelar ndi yachisanu ndi chinayi. Yomaliza, Solana, ikutsalira ndi mapointi awiri okha. Yomaliza imatuluka mu ligi. Kwatsala masewero atatu. M'bokosi la makalata muli kalata ya akuluakulu a timu imene Ljerka anaiwerenga kale: Skelar ikatuluka, mphunzitsi achotsedwa ntchito.

Tsiku loti amwalira mawa lake Ljerka anandiitana. "Krešo, tabwera uone, ndili pamavuto." Ndinati ndimalize kaye tsambali.

Lamlungu, 13 Epulo

Sindinatsegule. Ndikaisiya chonchi, palibe amene amuchotse ntchito. Koma akhala ali pamavutopo mpaka kalekale, ndipo iye ankadana ndi ntchito yosiyira panjira. Ngakhale juzi loipa ankaliluka mpaka kumapeto.

Lolemba, 14 Epulo

36.9. Nambala yatsika kufika pa 64. Nevenka akuti tizilombo tayamba kugonja.

Ndawauza anzanga kuti ndikufuna kumaliza chaka cha Ljerka, ndipo ndikufuna thandizo. A Bartol anapempha kuti awakwezere pilo. Tihomir anatsegula tsamba la kayalidwe ka osewera, n'kufunsa:

"Womwetsa zigoli ali kuti?"

Palibe. Anayi kumbuyo, asanu ndi mmodzi pakati, kutsogolo kuli mbee.

"Basi yopanda dalaivala," anatero a Bartol. "Pepani aphunzitsi, malemuwo ankagwira ntchito yanji?"

"Ankaphunzitsa masamu."

"Ndimadziwa ine! Mpira si masamu. Mpira ndi 4-4-2. Anyamata awiri aatali kutsogolo, mpira m'mwamba, wina aumenye ndi mutu, tizipita kwathu."

"Madala, mpira wanuwo unatha limodzi ndi mabasi anu a utsi aja," anatero Tihomir. "Masiku ano ndi 4-2-3-1. Mumawapanikiza adani kwawo komweko, asapume, asaganize. Ine ndinatenga zikho zitatu ndi zimenezi."

"Pakompyuta."

"Inu munatenga chiyani, pa basi?"

"Ndinatenga mayi ako kupita nawo kumsika zaka makumi atatu, mwana iwe, ndipo sanachedwepo."

Ndaseka koyamba chichokereni Febuluwale. Zinandiwawa m'nthiti.

Ndavomera maganizo a Tihomir chifukwa amayankhula ngati wodziwa. Wachotsanso pa mndandanda mkulu wina wotchinga kumbuyo dzina lake Lukačin, wa zaka 36. Akuti amathamanga ngati kabati.

Lachiwiri, 15 Epulo

Tinasewera itatha nkhomaliro. Tagonja 4 kwa 0.

Timadontho tathu tinkathamangira kutsogolo tonse ngati ana akaweruka, kumbuyo n'kusiya chipululu. Solana yapambana kwawo, ndiye tsopano omaliza ndife, tikutsalira ndi pointi imodzi.

Tihomir anakanda mutu. Akuti anaiwala chinthu chimodzi: osewera amazolowera kayalidwe kawo, ndipo awa akhala zaka zambiri akusewera za Ljerka. Kuwasintha tsiku limodzi kuli ngati kumuuza munthu wakumanzere kuti asaine ndi kumanja. Kenako anatsitsa mawu.

"Musadandaule, aphunzitsi. Sitinasunge. Ingozimitsani, tiyatsenso, zibwerera pomwe zinali dzulo. Aliyense amatero. Palibe waona."

"Ine ndaona," anatero a Bartol ali chogona.

Pafupi ndi batani lozimitsira pali kapepala komata, kakuda ndi zala. Ndakhala ndikukaona patebulo lathu zaka zonsezi osadziwa tanthauzo lake. Ljerka analembapo mawu amodzi: Sitibwereza.

Chala changa chinakhala pa batanilo nthawi ndithu. Ndikanakonda zinthu zambiri zikanakhala ndi batani lotere. Ndinasunga 4 kwa 0 wathuyo.

Tihomir anati, "Mayi ameneyu anali wouma mtima." Ananena mwaulemu.

Lachinayi, 17 Epulo

36.8. Mtima aunikanso, kunja kokha, kachotupa kakuchepa. A Bartol awachotsa madzi malita awiri ndi mankhwala okodzetsa, akuti akupepuka ngati mkwati.

Tabwezeretsa kayalidwe ka Ljerka, Lukačin yemwe. Pamndandanda pali mitundu ingapo imene anasunga, uliwonse ndi dzina lake. Umene ankagwiritsa ntchito kawirikawiri anautcha "Lamlungu". Tinaudina n'kupinda manja.

Tsopano ndamvetsa pang'ono. Popeza kutsogolo kulibe munthu, otchinga a adani amasowa womugwira, amayamba kutsatira mpira pakati, ndiye mmodzi wa asanu ndi mmodzi aja amalowa kumbuyo kwawo mwakachetechete. Pa mphindi 58 zinachitikadi. 1 kwa 0, ndipo zinathera pomwepo.

A Bartol anakuwa mpaka makina oyeza mtima a pamutu pawo anayamba kulira. A sisita Jasenka analowa akuthamanga, n'kupeza tonse tili pabedi limodzi.

"Abambo akuluakulu atatu, mitima yobooka, mukukuwira timadontho! A Bartol, kubedi kwanu. Inu aphunzitsi, ndimayesa ndinu wanzeru m'chipinda muno."

"Basi yopanda dalaivala yafika pa depoti, sisita," anatero a Bartol akukwera pabedi.

Solana yagonja. Tili pamwamba pawo ndi mapointi awiri. Masewero omaliza tikukumana ndi Solana yomweyo, kwawo. Tikafanana mphamvu tapulumuka. Tikagonja, Ljerka wachotsedwa.

Lachisanu Loyera, 18 Epulo

38.2. Mtsempha wakumanja watupa, wafiira. Singano achotsa. Magazi atenganso.

Loweruka, 19 Epulo

Aika kapaipi kaatali m'mkono, kolowera mpaka pachifuwa. Kutopa. Ndinalota Ljerka akusenda maapozi.

Pasaka, 20 Epulo

37.1. Magazi alibe tizilombo, linali vuto la mtsempha chabe.

A Blaženka abwera ndi dengu: nyama ya nkhumba yowiritsa, anyezi wamasamba, buledi wotsekemera, mazira ofiiritsidwa ndi makoko a anyezi. A Bartol saloledwa mchere, ndiye anapempha kungonunkhiza nyamayo. Ananunkhiza kawiri, kachiwiriko kagawo kanachepa. Tinagundanitsa mazira monga mwa mwambo wa Pasaka; la Tihomir linaswa onse, a Bartol akuti ndi lamtengo.

Pochoka, alamu anatulutsa kope la masamu m'thumba la malaya. "Ndalipeza m'kabati ya mbale, kuseri kwa ufa. Ndimayesa ndi maphikidwe, koma muli timizere tokhatokha. Mlamu, mukumadya koma? Mwaonda ngati chingwe."

Ndi kope la mpira. Tsamba lililonse lili ndi kayalidwe kamodzi, timivi, ndi mawu ochepa a dzanja lake lopendekera kumanzere. "Lamlungu". "Kwagwa mvula". "Alendo abwera osanena". Chakumapeto ndinapeza dzina langa.

"Krešo akuwerenga. Wofunika pamene pointi imodzi ikukwanira. Onse akhale pansi, azipatsirana mpira pafupipafupi, asathamange. Adani afuule, agogode, asunthe mipando, palibe awayankhe. Amatopa okha. Ndayesa, zimatheka."

Ndinawerengera anzanga mokweza. Tihomir anaseka mpaka kugwira pachifuwa. A Bartol anati, "Amakudziwanitu, aphunzitsi."

Tsamba lotsatira sindinawawerengere.

Lachiwiri, 22 Epulo

36.7. Nambala: 23. Ndayenda khonde lonse kawiri.

Malo a Tihomir apezeka ku Zagreb; amutenga Lachinayi m'mawa, opaleshoni Lachisanu. Lero sanakangane ndi munthu. Mkazi wake Sanda anamubweretsera zovala zogonera zatsopano, iye n'kumangozipinda ndi kuzipindula. Madzulo anati, "Aphunzitsi, mawa tisewere. Sindikufuna kukagona patebulo paja ndisakudziwa." A Bartol anamuuza kuti madokotala a ku Zagreb amasoka bwino kuposa telala, anawasokapo mlamu wawo ndipo mpaka lero akuvutitsabe anthu.

Lachitatu, 23 Epulo

Ndilemba zonse.

Tinayamba 2 koloko, diripi itangotha. A sisita Jasenka anati atipatsa theka la ola, ndipo makina a munthu aliyense akalira alanda laputopu. Anaima pakhomo, akuti akuyang'anira odwala.

Tinayala "Krešo akuwerenga". Chigawo choyamba sichinachitike chilichonse, ndipo sindinaonepo chinthu chokoma chotere. Anyamata a Solana ankathamanga uku ndi uku, athu akungopatsirana mpira ngati anthu opatsirana mchere patebulo. A Bartol anayasamula dala. "Ndikanalipira tikiti ndikanaitanitsa ndalama zanga." 0 kwa 0.

Pa mphindi 74, kona ya Solana. Goloboyi wathu anatuluka, anauphonya. 1 kwa 0.

Tihomir anayang'ana batani lozimitsira, kenako kapepala kaja, n'kuyang'ana kumbali.

"Ikani awiri kutsogolo," anatero a Bartol. "Aatali."

"Aatali ake ati, madala? Mayiwa sanagule womwetsa zigoli ndi mmodzi yemwe, pabenchi pali apakati okhaokha!"

Ndinaimitsa masewero n'kutsegula kope pa tsamba lija. Nthawi ino ndinawerenga mokweza.

"Krešo watseka buku. Mphindi khumi zomaliza, zikavuta. Onse apite kutsogolo, Lukačin atsogole, kumbuyo kutsale awiri. Sizichitika kawirikawiri. Koma akatseka buku n'kuimirira, amabwera yense, ndipo palibe chomubweza. Ndinakwatiwa naye chifukwa cha chimenechi."

Palibe anaseka. Tihomir anafunafuna pamndandanda, anaupeza, koma sanadine. Anandisunthira laputopu. "Dinani nokha, aphunzitsi."

Kabati uja anayamba ulendo wake wopita kutsogolo. Mphindi 82, mpira unagunda mtengo. Mphindi 86, Solana inatsala pang'ono kumwetsa chachiwiri, a Bartol anatukwana mawu amene sindilemba. Mphindi 90 zinakwana, anaonjezera zitatu. Pa yachiwiri yake mnyamata wathu wakumanzere anaponya mpira m'mwamba. Lukačin analumpha mochedwa, anauphonya ndi mutu, anatembenuka kuti aone komwe wapita, ndipo wotchinga wa Solana pouchotsa anaumenyetsa pa matako ake. Unagubuduka pang'onopang'ono n'kulowa.

1 kwa 1.

Makina a a Bartol analira, a Tihomir analira, anga ndilibe koma akanalira. Amene anakuwa kwambiri anali a sisita Jasenka. Kenako anakonza chipewa chawo n'kunena kuti tonse tigone chagada mphindi khumi.

"Mwaona?" anatero a Bartol akupuma mwabefu. "Wamtali kutsogolo, mpira m'mwamba. Ndimanena ine."

"Ndi matako, madala!"

"Chigoli chilibe fungo, mwana iwe."

Ine ndinatembenukira kukhoma. Anandisiya.

Lachinayi, 24 Epulo

Tihomir wapita. Anajambula masamba onse a kope la Ljerka ndi foni yake, atapempha kaye. Akuti akachira ayesa 4-6-0 ndi timu yake, koma tisauze anzake. A Bartol anamupatsa dzira lofiira limene anabisa m'kabati kuchokera pa Pasaka. Bedi lakukhomo aliyala kale nsalu zatsopano.

Loweruka, 26 Epulo

36.6. Nambala: 9. Sanda watumiza uthenga: opaleshoni yatha bwino, mitsempha itatu, wadzuka ndipo akudandaula za tiyi. Ndawawerengera a Bartol. Anati, "Ndiye kuti ali moyo," n'kupempha kuti ndiwerengenso.

Lolemba, 28 Epulo

Nevenka akuti kachotupa sikakuonekanso bwinobwino. Mankhwala atha pa 6 Meyi, ndituluka tsiku lotsatira. Wandiuza kuti ndikadzamvanso kutentha ndisadzadziyeze ndekha ndi mabuku. Ndinamufunsa ngati anayamba kukonda ndakatulo. Anati ayi.

Ndatsegula laputopu koyamba chichitikireni masewero aja. M'bokosi munali kalata yatsopano ya akuluakulu a Skelar, yopita kwa mayi Vidošić. Akuthokoza, ndipo akupempha kuti akhale zaka zina ziwiri.

Ndinaiyang'ana nthawi yaitali. A Bartol anafunsa kuti kwagwanji, ndinawauza.

"Ndiye muvomera?"

Ndinati sindikudziwa. Ndikavomera, dzina lake lizikhalabe pamwamba paja, koma wosankha osewera ndikhala ine, ndipo tsiku lina ndidzamugwetsa ndi manja angawa. Zaka 19 zija ndi zake. Changa ndi masewero atatu, amodzi mwa iwo tinagonja 4 kwa 0.

"Ine tsiku langa lomaliza," anatero a Bartol, "ndinaimika basi, ndinaisesa, makiyi ndinakapereka ndekha. Palibe anandilanda."

Pali batani lopumira pa ntchito. Linandifunsa kawiri ngati ndatsimikiza. Kenako panatuluka nkhani yaifupi, ngati ya m'nyuzipepala, ndipo ndaikopera pano monga ilili: "Mphunzitsi wa Skelar, Ljerka Vidošić, wapuma pa ntchito mwa kufuna kwake patatha zaka 19. Wasiya timu ili mu ligi yaikulu."

Ndinasunga.

Masana a Blaženka anabweretsa mabuku anayi otsala aja, akudandaula phewa. Ndinayamba loyamba nthawi yomweyo, ndipo ndi labwino. Cha m'ma 4 koloko a Bartol anatsitsa miyendo pabedi, nthawi yoyamba sabata ino osaitana sisita.

"Aphunzitsi, akuti ndiziyenda mpaka pazenera la kumapeto kwa khonde. Ndekha ndikuopa. Koma malizani kaye tsambalo."

Ndinali pakati penipeni pa tsamba. Ndinatseka buku.